Fupa Silidikira Kalata

Railways, Kabwe
8 Januwale 1975

Okondedwa amake Ethel,

Choyamba ndimve za moyo wanu, wa amayi anu, ndi wa tiana tiwiri muli nato kumeneko. Kuno ine ndi Ethel tilipo, kungoti mvula yatikwana. Pantchito yathu yolumikiza mabogi a sitima timangokhalira kunyowa, jombo zanga zayamba kumwa madzi ngati ng'ombe.

Ndatumiza makwacha khumi ndi awiri pa positi ya Katete. Mugule fetereza chimanga chisanafike m'chiuno, otsalawo mulipire wokonza denga la nkhokwe. Zitenje ayi, muli nazo zokwana kufolera nyumba yonse. Sopo amene munapempha sindinamupeze. Kuno sopo ndi saladi, mafuta ophikira aja, tikuchita kuimira pamzere kuyambira m'mawa, ukafika kutsogolo n'kumva kuti zatha, kenaka n'kukazipeza kukomboni ya Nakoli pamtengo woti munthu n'kuleka kusamba.

Ethel wayamba giredi sikisi. Chizungu akuchilankhula moti amandikonza ine amene ndinamubereka. Koma Loweruka anapunthwa panjanji pondibweretsera chakudya kuntchito, n'kumenyetsa msongolo m'munsi pang'ono mwa bondo. Bala palibe, kwangotupa, ndiye akutsimphina. Bana Pius, mayi wa Chibemba wa khomo loyandikana nafe, akumuthowa ndi madzi otentha. Si kanthu, ana amagwa tsiku ndi tsiku.

Izi musawauze achimwene anu a Philimon. Mukudziwa mmene anavutira kuti mwanayu abwere kuno kusukulu, ndipo mawu awo sindinawaiwale, akuti ndidzamubweze monga ndinamutengera. Angamve za kachotupa n'kuyesa sitima yamuponda.

Ine mwamuna wanu,
Petson Daka

Railways, Kabwe
18 Januwale 1975

Okondedwa amake Ethel,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine thupi lili bwino, mtima ndiwo ayi. Zimene ndinalemba zoti si kanthu zija iwalani. Ethel ali m'chipatala chachikulu, wodi ya ana, kuyambira Lachitatu.

Chotupa chija sichinaphwe. Thupi linayamba kutentha ngati mbaula, chakudya kukana, mwendo osafuna ngakhale nsalu iukhudze. Ndinamubereka kumsana mpaka kukiliniki, iwo atangoona anatitumiza kuchipatala. Akumubaya jakisoni m'mawa ndi madzulo koma kutentha sikukutsika.

Dokotala wa mafupa ndi Mmwenye, Chizungu chake n'chothamanga, ndiye amene amandimasulira ndi sisitala wa m'wodimo. Akuti fupa la msongolo lili ngati bango, mkati muli mphako momwe mumakhala mafuta. Pamene anamenyetsa paja magazi anaundana, tizilombo n'kupezapo pokhala. Tsopano mafinya adzaza mkati mwa fupamo ndipo alibe potulukira, n'chifukwa chake mwana akukuwa chonchi. Mankhwala okha safikamo bwino. Akufuna kumugoneka tulo, ang'ambe pang'ono, aboole timabowo m'fupa kuti mafinya atuluke. Akachedwa, akuti fupa limafa, ndipo matenda akhoza kukwera m'bondo.

Anandipatsa pepala kuti ndisaine. Cholembera ndinachigwira, koma ndinachibweza.

Chifukwa chake mukuchidziwa. A Nevers, amuna a mng'ono wanu, anasainira mwana wawo opareshoni kumishoni osafunsa eni mbumba, mwana uja osadzukanso. Ine ndinalipo pamaliro pamene a Philimon anawaimiritsa pakati pa anthu n'kuwafunsa ngati mwanayo anachoka naye kwawo pobwera kudzakwatira. Bambo uja anatuluka m'mudzi mwanu ndi bulangeti lokha, ana otsala sawaona mpaka lero. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ine ndine wobereka chabe, mwini mwana ndi malume ake, ndipo safunsa anadya phula.

Ndiye mukangowerenga kalatayi siyani khasu, pitani kwa a Philimon. Afotokozereni za fupa monga ndalemberamu, musachepetse, musawonjezere. Akavomera asavutike ndi kalata, akwere njinga apite kuboma akatumize telegalamu ya liwu limodzi lokha, loti SAINANI. Ndaikamo kwacha imodzi ya telegalamuyo. Zoti anali kundibweretsera chakudya ndauza inu nokha, kwa iwo mungonena kuti anagwa.

Ine mwamuna wanu,
Petson

Railways, Kabwe
30 Januwale 1975

Okondedwa amake Ethel,

Yanu ndailandira dzulo, pamodzi ndi kampukutu ka mankhwala otemera kochokera kwa amayi. Ndathokoza kumva kuti muli bwino ndi kuti fetereza mwathira. Koma ine ndinapempha telegalamu, inu mwanditumizira phulusa la mphini.

Mwalemba kuti a Philimon ayamba akumana kaye ndi akuluakulu a banja, ndipo akuluakuluwo ali kumaliro ku Chadiza, ndipo mtsinje wadzaza. Ndiye mwana azigona apa kudikira mtsinje uphwe? Pogawa nyama ya nkhumba a Philimon sadikira akuluakulu. Pepani, ndi achimwene anu, koma ndalemba ndalemba. Amayi muwauze mwaulemu kuti m'chipatala salola lumo, ndiponso mafinya ali mkati mwa fupa pamene mphini imathera pakhungu.

Kuno zasintha pang'ono. Lamlungu chotupa chinaphulika chokha, mafinya anatuluka odzaza kambale, kutentha n'kutsika. Ethel anadya phala, anaseka ndi bana Pius amene amakhala naye masana ine ndili kuntchito. Ndinasangalala, ndinati mwina Mulungu watichotsera mlandu wa pepala uja, mpaka ndinakayatsa kandulo kutchalitchi. Sisitala atandiona ndikumwetulira anandiitanira pakhonde. Akuti mafinya akadziboolera okha njira ndiye kuti adutsa kale m'fupa n'kulisenda kachikopa kamene kamalidyetsa magazi. Kupepuka kumeneku n'kwabodza.

"Ba Daka, manje muyembekeza chani?" anandifunsa. "Si ndimwe atate ake?"

Ndinamufotokozera za kwathu. Sanaseke, nayenso kwawo mwana ndi wa kuchikazi. Anangoti, "Na kwathu ni chimodzimodzi. Koma fupa siidziwa malume, ba Daka."

Dokotala iye sandiyang'ananso kumaso. Akafika pabedi la Ethel amayang'ana mwendo, n'kuyang'ana sisitala, sisitala n'kupukusa mutu, basi n'kupitirira. Manyazi amene ndimamva pamenepo sindingathe kuwalemba.

Pitaninso. Ngati mtsinje wadzaza, a Philimon ayankhe okha, si mwana wamng'ono iwo. Ngati akufuna kudzaona ndi maso awo, gulitsani mbuzi yaikazi ija akwere basi, koma mawu atsogole pa telegalamu. Pobwera asaiwale khadi la chipani, anyamata akumafunsa pasiteshoni.

Ine mwamuna wanu,
Petson

Railways, Kabwe
11 Febuluwale 1975

Amake Ethel,

Moni nonse. Ine ndilipo. Ku positi andizolowera, ndikangosuzumira pawindo kalaliki amapukusa mutu ndisanatsegule pakamwa.

Ethel anamujambula mwendo. Dokotala anaika chithunzicho pagalasi lowala n'kundiitana kuti ndione ndekha. Fupa la mwendo wabwino ndi losalala. La uku ladyekadyeka ngati chimanga chofumbwa, ndipo pakati pali kachidutswa kotalika ngati chala changa, koyera kuposa pena paliponse. Ine ndinayesa pabwino ndi pamenepo. Akuti ndiye pakufa. Fupa lakufa lakhala mkati mwa lamoyo, ndipo bala silingapole likadali momwemo. Tsopano bondo nalo layamba kutupa, sakulola munthu kuligwira.

Pabedi loyandikana naye pali mtsikana wa Chilenje amene anabwera naye mochedwa kuchokera kumidzi ndi matenda omwewa. Lolemba anapita naye kuchipinda cha opareshoni, pobwera bulangeti linali lophwa mbali imodzi kuyambira pabondo. Ethel anaona. Anangotembenukira kukhoma.

Kuntchito nako sikuli bwino. Lachisanu ndinapereka chizindikiro kwa dalaivala mnzanga asanatuluke pakati pa mabogi. Mwayi anadumpha. Kapitawo wandichenjeza kuti mutu ndizibwera nawo kuntchito, osausiya kuchipatala. Nyumba ino ndi ya kampani, zotsatira zake mukuzidziwa. Zina tidzakamba pamaso.

Chandipweteka kwambiri ndi ichi. Ndimayesa mwana sadziwa kanthu, kani m'wodi nkhani zimayenda bedi ndi bedi. Dzulo ndikumupukuta thukuta anandifunsa, "Atate, amalume ayankha?" Ndinati sanayankhe. Kenaka anati, "Muwalembere kuti nizabwela pa holide kuwathandiza kukolola." Akuyesa amalume ake anamukwiyira chifukwa anabwera kutauni.

Tsopano ndifunse inu. M'makalata anu mumandiuza zimene anena a Philimon, zimene anena amayi, zimene anena akatekisiti. Nanga inu mukuti chiyani? Kodi mwanayu anakhala m'mimba mwa a Philimon? Ndiyankheni inuyo, ngakhale mzere umodzi.

Petson

Kuchipatala, Kabwe
15 Febuluwale 1975

Amake Ethel,

Moni. Ndilemba mwachidule, ndili pabenchi panja pa chipinda cha opareshoni.

Ndasaina. Kuyambira dzulo Ethel akubwebweta, ine akunditcha aphunzitsi. Bondo lafika ngati dzungu. Dokotala sanadikire womasulira, ananena yekha m'Chinyanja chake chothyokathyoka kuti lero sitikukambanso za mwendo, tikukamba za moyo. Telegalamu sinabwere. Dzina silikuwerengeka bwino, koma ndi langa.

Amulowetsa kale. Bana Pius ali pano ndi kolona. Ngati sadzuka musavutike kunditumira anthu, ndidzabwera naye ndekha, ndipo a Philimon adzandifunse zimene anafunsa a Nevers. Ndili ndi mantha. Pempherani.

Petson

Railways, Kabwe
27 Febuluwale 1975

Okondedwa amake Ethel,

Ethel anadzuka. Ndayamba ndi zimenezi kuti mupume kaye, moni abwere pambuyo. Muli bwanji nonse? Amayi chifuwa chija chinatha?

Anakhalitsa mkatimo. Akuti anatsegula bondo n'kulitsuka, anatsegulanso msongolo n'kupala zowola zonse. Anamuwonjezera magazi, anga omwe ndiwo anagwirizana ndi ake. Tsopano ali m'chikhakha kuyambira pantchafu mpaka kuzala, ndipo achiboola kawindo kotsukirapo bala. Potsukapo amalira, koma kutentha kunatsika, akudya, dzulo anakangana ndi mnzake wa bedi lina polimbirana buku. Anzake a kusukulu anabwera n'kulemba maina awo pachikhakhapo.

Zotsalazi werengani mutakhala pansi. Mwendo sanadule ndipo sadula. Koma mafinya anadya kanyama koterera kamene kamakuta nsonga za mafupa m'bondo, ndiye bondo silidzapindanso bwino, mwina osapinda n'komwe. Anawononganso pamene fupa la mwana limakulira, pafupi ndi bondo pomwepo, choncho mwendo uwu uzitsalira mnzake akamakula. Adzafunika nsapato yokweza. Fupa lakufa lija sanalichotse. Akuti akalichotsa lero mwendo ukhala wopanda mzati, ndiye adikira fupa latsopano limere mozungulira, cha mu Julaye adzatsegulenso.

Ndinafunsa funso loti bola ndikanangokhala chete. Sisitala anazengereza, koma dokotala anamuuza kuti amasulire. Akuti mu Januwale muja timabowo tokha tikanakwana, bwenzi pano mwana ali kusukulu ndi miyendo yake yofanana. Ndinatuluka panja. Amati mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma apa mbewa ili moyo, wavulala ndi mwana.

Yanu ya pa 16 yafika. Mwati a Philimon akuti nkhani yotere si yoyankha pa telegalamu, abwera okha akamaliza kupachika fodya. Abwere, pogona palipo. Funso langa lija simunaliyankhe, mwangoti mukulira usiku ndi usana. Sindikukaika, nanenso ndikulira.

Ndalama mwezi uno sinditumiza, masiku amene ndinajomba andidula. Chimanga chikacha musagulitse ngakhale dengu limodzi, sitikudziwa za kutsogoloku.

Ine mwamuna wanu,
Petson

Railways, Kabwe
12 Malichi 1975

Amake Ethel,

Moni kwa inu ndi ana. Kalatayi ifika a Philimon atafika kale, ndiye mukhala mutamva mbali yawo. Imvaninso yanga.

Anafika Lachisanu ndi nkhuku ndi kathumba ka mtedza. Ndinawalandira bwino, ndinawasiyira bedi langa. Loweruka tinapita kuchipatala. Ethel atawaona anayesa kudzuka kuti awagwadire, chikhakha n'kumukaniza, anangowomba m'manja ali chigonere. Alamu anaima nthawi yaitali akuyang'ana mwendowo. Sindinama, misozi inatsika, mwanayu amamukonda.

Kenaka dokotala anadutsa, iwo n'kupempha kuti amve okha. Sisitala anawamasulira zonse, mpaka za timabowo ta mu Januwale. Amayi odikirira ana m'wodi yonse anali atatchera makutu. A Philimon anatembenukira kwa ine.

"Nanga inu alamu munkadikira chiyani? Mwana akagwera pamoto mumayamba mwalemba kalata?"

Amake Ethel, m'maso mwanga munada. Bana Pius ndiwo anandigwira malaya kumbuyo. Ndinameza, chifukwa mwana anali kutiyang'ana.

Kunyumba atadya anayamba kulamula. Akuti Ethel akangotuluka amutenga, tauni yamulemaza kale, kumudzi kuli munthu wodziwa kuwongola mafupa, ndipo za kung'ambanso mu Julaye iwo savomera mpaka akuluakulu akhale pansi. Akuluakulu omwe aja.

Ndinawayankha mofatsa moti ndinadzidabwa ndekha. Ndinati, "Alamu, ine ndinakufunsani bondo likadapinda. Mwana sachoka kuno mpaka fupa lakufalo lichotsedwe, ndipo tsiku lakelo sindidzafunsa munthu."

Anati ngati ndi choncho, za ukwati wanga ndi mlongo wawo zikakambidwa kumudzi. Ndinati zikakambidwe. M'mawa anachoka osanditsanzika, koma anadzera kuchipatala n'kumusiyira mwana mtedza uja.

Ndiye zili apo. Mwina akuuzani kuti muike katundu wanga panja. Njinga mupatse mng'ono wanga, zina zonse n'za ana. Sindikukondwa nazo. Chikwatirireni ndakhala mkamwini wosayankha pamudzi panu, ndipo inuyo ndimakufunani lero monga kale. Koma ndapita kale kwa sisitala kuti ndisainiretu za Julaye. Anaseka, akuti pepala lake silinalembedwe n'komwe. Ndinamuuza kuti likadzalembedwa asadzayang'ane kwina.

Ndaikamo ndalama ya basi kuchokera ku Katete mpaka kuno, yanu ndi ya ana. Kalatayi musapite nayo kwa aliyense kukafunsa, ndalembera inu. Sabata yamawa Ethel ayamba kuphunzira kuimirira ndi ndodo. Sisitala akuti masiku oyamba pamafunika anthu awiri omugwira, wina mbali iyi, wina mbali iyo. Mbali imodzi ndilipo.

Ndine atate ake a Ethel,
Petson Daka